Kalata kwa oyang'anira laibulale ya Python: maina akale asachotsedwe

Kwa akuluakulu asanu a Steering Council, komiti yotsogolera Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndi nonse amene mumasamalira laibulale, nkhokwe ya zida zolembedwa kale imene imabwera limodzi ndi chilankhulochi,

Landirani moni kuchokera ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kuno kuchigwa cha Shire. Ine ndimaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo makina akavuta m'magulu a alimi ndi m'timaofesi ta kuno mpaka ku Bangula, kawirikawiri woitanidwa ndimakhala ine. Ntchito ya manja anu ndi imene timadyera. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti zomwe ndinene m'munsimu musazimve ngati zochokera kwa munthu wosayamika.

Nkhani yanga ndi ya maina. Mu Python 3.14, yomwe inatuluka mu Okutobala 2025, mwaikamo phukusi latsopano lotchedwa compression. M'kati mwake muli zstd, njira yatsopano yopanikizira mafayilo kuti achepe, ndipo mwalowetsamonso ma module (tizigawo ta laibulale timene pulogalamu imaitana ndi liwu la import) anayi akale: gzip, bz2, lzma ndi zlib. Tsopano munthu akhoza kulemba compression.gzip pamene kale ankalemba gzip. Chifukwa chopangira phukusili ndachimva ndipo ndagwirizana nacho. Dzina lakuti zstd linali kale ndi eni ake pa PyPI, malo a pa intaneti amene anthu amaikapo maphukusi awo a Python, ndiye mukanalilanda mukanasokoneza mapulogalamu a anthu ambiri. Koma munanenanso kuti maina atsopanowa ndiwo oyenera kugwiritsa ntchito, kuti akalewo akadalipo, ndi kuti ngati adzachotsedwe sizichitika zaka zisanu zisanathe. Mawu a zaka zisanuwa ndi amene andilembetsa kalata ino, chifukwa akusonyeza kuti ganizo lochotsa silinafe. Ndikupempha kuti mulengeze poyera kuti gzip, bz2, lzma ndi zlib sadzachotsedwa, ndi kuti lamulo lomweli ligwire pa dzina lililonse limene chinthu chake chikadali chamoyo mu laibulale.

Za 2008 mukuzikumbukira kuposa ine. Python 3.0 itatuluka mu Disembala chaka chimenecho, laibulale inasanjidwanso potsatira PEP 3108, chimodzi mwa zikalata za manambala zimene mumalembamo zosintha ndi malamulo a Python. ConfigParser inasanduka configparser, Queue inasanduka queue, Tkinter inasanduka tkinter, SocketServer inasanduka socketserver. Pa anayi amenewa chimene chinasintha ndi zilembo zazikulu basi. Ena anasamutsidwa: httplib inapita ku http.client, urlparse ku urllib.parse, urllib2 inagawidwa pakati pa urllib.request ndi urllib.error, StringIO inakalowa mu io. Kwa munthu wowerenga, Queue ndi queue n'chimodzimodzi. Kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri zosadziwana, moti pulogalamu imafera pa mzere woyamba isanagwire kantchito kalikonse. Ndikudziwa kuti chimene chinasautsa anthu kwambiri pa kusamuka kuja, kuchoka pa Python 2 kupita pa Python 3, sichinali maina, chinali kulekanitsa zolemba ndi ma byte (timanambala timene kompyuta imasungira zinthu). Komabe maina anawonjezera ntchito pomwe ntchito inali yochuluka kale. A Benjamin Peterson anachita kulemba laibulale ya six, ndipo gawo lake lina, six.moves, linalipo pongofuna kukumbukira kuti chakutichakuti chinasamukira kuti. Python 2.7 inkayenera kupumitsidwa mu 2015, koma munaitalikitsira moyo mpaka pa 1 Januwale 2020 chifukwa anthu ambiri anali asanasamuke.

Kwanuko nkhani imeneyi inatha. Kuno ikadalipo. Mabuku a makompyuta amene amafika m'manja mwa ana athu ndi aja ena anawataya, kapena ma PDF oyenda pa fulashi ndi pa WhatsApp, ndipo ambiri analembedwa nthawi ya Python 2. Mwana amakopera bwinobwino chitsanzo cha m'buku, osaphonya chilembo, n'kulemba import urllib2. Kompyuta imamuyankha kuti dzina limenelo kulibe. Iye sadziwa kuti buku ndi lomwe lakalamba, amangoti mutu wake ndi umene sukugwira. Chida chimene chinkasintha maina akalewa, 2to3, nachonso munachichotsa mu 3.13.

Ndikuuzeni za gulu lina la alimi a thonje kuno kwathu. Zaka zapitazo kunabwera bungwe lina, dzina ndisalitchule, ndi mnyamata wake wodziwa makompyuta. Anawalembera kapulogalamu kolembera mabelo. Laputopu inkakhala pa tebulo la msungichuma, mlembi n'kumadzaza fomu pa foni kudzera pa Wi-Fi ya pomwepo: dzina la mlimi, makilogalamu, ndalama zimene watenga. Sikankafuna intaneti, ndipo kanali kabwino ndithu. Pulojekiti inatha, mnyamata uja anapita, kapulogalamu kanatsala kakugwira ntchito chaka ndi chaka popanda wokakhudza. Madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 analowa mu ofesimo, laputopu inafa. Mwayi wake mayi msungichuma ankasunga zonse pa fulashi imene ankaimanga pa nsonga ya chitenje. Anabwerera ku kope ndi cholembera kwa nthawi yaitali, mpaka anasonkherana ndalama n'kugula laputopu ina yakaunjika ku Limbe. Wogulitsa anawaikiramo Python yatsopano, 3.13. Atatsegula kapulogalamu kaja, fomu inakana, ndipo pa windo lakuda panatuluka mzere umodzi: ModuleNotFoundError: No module named 'cgi'.

Mayiwo ankaganiza kuti agulitsidwa makina a vairasi, ndipo anali atakonzeka kale kukwera minibasi kukawabweza. Nditafika ndinapeza kuti makina alibe vuto, fulashi ilibe vuto, mizere ya pulogalamu ili monga inalembedwera. Chinasowa ndi cgi, module yolandira zimene munthu wadzaza pa fomu, imodzi mwa ma module 19 amene anachotsedwa mu 3.13 potsatira PEP 594. Kukonza kwake sikunali kovuta. Pa PyPI pali legacy-cgi imene anthu ena akuisunga, ndiye tinangoyenda pang'ono kukafuna pomwe netiweki ikugwira n'kuitsitsa. Ndipo ndikudziwa kuti ndangozengereza tsiku, popeza gawo la http.server limene limayendetsa mapulogalamu a mtundu umenewu munalengeza kuti lichoka mu 3.15.

Mlandu wa tsiku limenelo sindikukusenzetsani inu. Bungwe lija linachoka osasiya ngakhale kapepala konena kuti pulogalamuyi imafuna Python iti. Ndafotokoza nkhaniyi kuti muone mmene chenjezo lanu limayendera likafika kumadera ngati kuno.

Lamulo lanu la PEP 387 limati chinthu chisanachotsedwe, chenjezo lizioneka m'ma Python awiri otsatizana kapena kuposerapo. Kuyambira pa 3.9, PEP 602 inakhazikitsa kuti Python yatsopano izituluka chaka chilichonse mu Okutobala. Choncho cgi inayamba kuchenjeza mu 3.11 mu 2022, inachenjezanso mu 3.12 mu 2023, n'kuchoka mu 2024. Malamulo onse anatsatidwa. Koma chenjezo limeneli amaliona ndi munthu amene amasintha Python chaka ndi chaka. Ife sititero. Kompyuta ya kuno imakhala ndi Python imene inabwera nayo mpaka tsiku limene idzafe, ndiye yolowa m'malo mwake imabwera ndi ya chaka chimenecho. Timalumpha. Ngakhale munthu wosamala kwambiri, amene kompyuta yake ikuyendera pulogalamu yaikulu ya Ubuntu 22.04 ndi Python 3.10 yake, akasamukira ku inzake ya Debian 13 amafikira pa 3.13. Ma Python awiri aja a chenjezo sanawatsegulepo, ndiye kwa iye cgi inalipo dzulo, lero kulibe.

Kuno za machenjezo timazidziwa bwino. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, madzi ake amatsika ndi Ruo kudzatipeza ife, nthawi zina kuno kuli dzuwa lokhalokha. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, n'chifukwa chake anthu a kumtunda amaimbira foni a ku Makhanga ndi ku Chiromo kuti mtsinje wakwiya, samukani. Koma uthengawo uli ndi phindu pokhapokha ukafika kwa munthu amene madzi akukamupeza. Wa kumtunda sanganene kuti ine ndinakuwa ndili pakhomo panga, ndiye ntchito ndagwira. Chenjezo lanu limakuwidwa m'ma Python amene ife sitikhalamo. Ndipo ngakhale litatipeza, DeprecationWarning, yomwe ndi uthenga wa chenjezolo, nthawi zambiri imabisika pokhapokha itachokera m'fayilo yaikulu imene munthu wayendetsa, kenako imatulukira pa windo lakuda lija limene msungichuma salitsegula.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangosintha Python chaka chilichonse, popeza ndi yaulere. Yaulere inde, koma bandulo si yaulere, ndipo netiweki ikadukiza pakati umayambiranso. Magetsi nawo ali ndi nthawi yawo. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, konkuno ku Chikwawa, dziko lonse linakhala miyezi yambirimbiri likugawana magetsi otsalawo, ndipo maola ochepa amene ayaka palibe amene akanawathera pa kusintha chinthu chomwe chikugwira ntchito. Chifukwa chachikulu ndi chakuti palibe munthu wa makompyuta wolembedwa ntchito m'magulu amenewa. Nyengo yogula thonje ikayandikira, makina amene akuyenda sakhudzidwa. Ine ndemwe ndimawalangiza zimenezo, ndipo ndipitiriza.

Tsopano ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza akamadandaula. Kuchotsa module yakufa ndi kwina, kuchotsa dzina la module yamoyo ndi kwinanso.

Pa choyambacho ndikumvetsani. Ambiri mwa inu mumagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo module iliyonse imafuna woiyesa, woikonza ikabooka, woyankha mafunso ake. Pa 19 aja panali aifc ndi sunau, za mafayilo a mawu a makina amene ana anga sanawaonepo. Panali crypt, yomwe njira zake zina zobisira mawu achinsinsi zinatha mphamvu kalekale. Panali telnetlib, imene imatumiza zonse poyera popanda kubisa, ngakhale kuti pali tizipangizo takale ta netiweki tomwe timangomva chilankhulo chimenecho. Sindingakuuzeni kuti muzisenza zonsezi mpaka kalekale. Ngakhale cgi yomwe inandiyendetsa ulendo ija, ndikuvomera kuti njira zabwino zolowa m'malo mwake zilipo.

Koma gzip si yakufa. Mupitiriza kuisamalira kaya ikutchedwa gzip kaya compression.gzip. Kusunga maina onse awiri kumafuna kafayilo ka mizere yochepa kolozera kumene katundu ali, ndipo kafayilo kotero sikadwala. Phindu lochotsa dzina lakale n'lakuti mndandanda wa maina uzioneka waudongo. Mtengo wake adzalipira ndi aliyense amene analemba import gzip pa zaka zoposa makumi awiri zapitazi, ndi aliyense amene anasiyiridwa pulogalamu yotero osadziwa kuitsegula m'kati.

Ndikanakhala chete ndikanakhala kuti sindinaonepo maina otere akuchotsedwa. Mapping ndi anzake anasamukira ku collections.abc mu 3.3, dzina lakale la collections.Mapping linakhalapo mpaka linachotsedwa mu 3.10. Mu unittest, assertEquals linali dzina lina chabe la assertEqual, kusiyana chilembo chimodzi, ndipo linachoka mu 3.12. Zinthu zenizenizo zikadalipo, zikugwira ntchito monga kale. Chinachoka ndi dzina lokha, ndipo mapulogalamu amene palibe akuwasamalira anaima.

Za udongo ndinenepo mosapsatira. Laibulale yanu sinakhalepo yaudongo, ndipo PEP 8 ya malamulo a kalembedwe, yomwe a Guido van Rossum, amene anayambitsa Python, ndi anzawo analemba mu 2001, imavomereza yokha kuti maina a mu laibulale ndi osokonekera ndipo sadzafanana onse. Imati ma module akhale ndi maina aafupi a zilembo zazing'ono, koma cProfile ndi ElementTree akadalipo ndi zilembo zawo zazikulu. Mu logging timalemba getLogger, mu unittest timalemba setUp, kalembedwe kotengera ku Java. Mu collections muli OrderedDict ndi Counter pambali pa defaultdict ndi deque. Ana akandifunsa chifukwa chake, ndimawauza kuti anthu osiyanasiyana analemba zimenezi pa nthawi zosiyana, amaseka, tikupitiriza phunziro. Palibe amene analephera mayeso chifukwa cha chilembo chachikulu cha getLogger. PEP 8 yomweyo imachenjezanso kuti munthu asaphwanye mapulogalamu akale pongofuna kutsatira malamulo ake a kalembedwe. Ine ndikungopempha kuti mawu anu omwewo muwagwiritse ntchito pa maina a ma module.

Anzanu a zilankhulo zina anasankha njira imeneyi ndipo sanafe nayo. A Go analonjeza mu 2012 kuti pulogalamu yolembedwa pa Go 1 izigwirabe ntchito pa Go 1 iliyonse yotsatira. Atafuna kukonza math/rand mu 2024 anaika math/rand/v2 pambali pake, yakale osaikhudza. Phukusi la io/ioutil analengeza kuti anthu asiye kuligwiritsa ntchito kuyambira pa Go 1.16, koma likadalipo. Ku Java, njira zingapo za java.util.Date zinalengezedwa kuti zatha ntchito mu 1997 ndipo mpaka pano zikuyankha. Sindikuti Python isanduke Java. Ndikuti kuuza anthu kuti dzina ili musalilembenso m'mapulogalamu atsopano n'kokwanira, ndipo sikufuna kuti dzinalo lifufutidwe.

Pamene kuchotsa kuli kosapeweka, pali chinthu chotchipa chimene chingatipulumutse, ndipo munachichitapo kale kawiri konse. Munthu akalemba print ya Python 2 yopanda mabulaketi, Python 3 simangoti walakwitsa, imamuuza kuti waiwala mabulaketi. Kachiwiri ndinakaona m'kalasi mwanga. Mtsikana wina ankalemba kapulogalamu kosankha ndondomeko ya olandira ndalama pa chipereganyu cha amayi ake, kuti pasakhale wonena kuti akonderedwa. Fayilo yake anaipatsa dzina lakuti random.py, n'kulembamo import random. Python inatenga fayilo yake yomweyo m'malo mwa ya mu laibulale, shuffle n'kusowa. Kale zikatere mwana ankatha masana onse akuyang'ana mizere isanu yopanda cholakwika. Koma iye anali pa 3.13, ndipo uthenga wake unamuuza kuti aganizire zosintha dzina la fayiloyo chifukwa likufanana ndi la module ya mu laibulale. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa sikirini, anasintha dzinalo, ndipo sanandiitane n'komwe. Amene munalemba uthenga umenewo, zikomo kwambiri.

Chitani chimodzimodzi ndi maina ochotsedwa. Mndandanda wake muli nawo ndipo si wautali: 19 aja, kuphatikizapo distutils, imp, asyncore, asynchat ndi smtpd amene anachoka mu 3.12, ndi aja anasintha mu 2008. Munthu akalemba import cgi, Python imuuze kuti cgi inali mu laibulale, inachotsedwa mu 3.13, ndipo akaifune kwakuti. Akalemba import ConfigParser, imuuze kuti tsopano ndi configparser. Uthenga umenewu ukhale m'ma Python onse a m'tsogolo, popeza ndi chenjezo lokhalo limene limafika kwa munthu wolumpha. Mayi msungichuma aja akanauona, akanangoujambula pa foni n'kunditumizira, ine n'kuwayankha ndili pakhomo.

Nkhani ya random.py ija ikundikumbutsanso za maina atsopano. Liwu lililonse wamba limene laibulale yatenga limasanduka msampha kwa wophunzira, chifukwa ndi lomwelo limene iye angaliganizire popatsa fayilo yake dzina: email, code, calendar, queue, statistics, ndipo tsopano compression. Maina ngati tomllib, graphlib ndi zoneinfo si okongola, koma palibe mwana amene angawasankhe mwangozi. Pitirizani kumeneko. Ndipo poti dzina likangolowa mu laibulale anthu amaliika m'mabuku ndi m'mapulogalamu awo, mkangano wonse wa dzina uzichitika lisanalowe.

Popeza kalata ino aiwerenganso a kwathu kuno, ndinene mawu awiri kwa mabungwe ndi maofesi amene amabweretsa mapulogalamu kuchigwa kuno. Mukamapereka laputopu, perekaninso pepala lonena kuti pulogalamuyi inalembedwa pa Python iti ndipo imadalira chiyani. Ikani pa fulashi fayilo yoikira Python imeneyo pamodzi ndi zonse zimene munatsitsa pa PyPI. Ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo muichite musanayambe kukonzekera mwambo wotsekera pulojekiti.

Kwa inu akuluakulu, ndili ndi funso limene likufuna yankho. Gulu langa lotsatira likafika pa phunziro la mafayilo, ndiyenera kusankha dzina lolemba pa bolodi. Zolemba zanu zikuti loyenera ndi compression.gzip, koma limeneli limagwira pa 3.14 kupita m'tsogolo basi, ndipo makompyuta ambiri a m'kalasi mwanga sanafike kumeneko. Dzina la gzip limagwira pa onse, ndiye ndilemba gzip. Ndikufuna kudziwa ngati ana amenewa angadalire dzinali pa mapulogalamu amene adzasiyire magulu a alimi ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje, amene adzayende zaka zoposa zisanu popanda wowatsegula.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa makompyuta, Ngabu, Chikwawa